Woweruza Amadziwika ndi Mawu a Wogonja: Ntchito ya Mayi Anastasia Msosa

Anthu akamakamba za Jaji Anastasia Msosa, amene anapuma pantchito mu 2015, amathamangira kuwerenga mipando imene iwo anali mayi woyamba kukhalapo m'Malawi: jaji wa Khothi Lalikulu, jaji wa khothi la apilo la Supreme, wapampando wa bungwe loyendetsa chisankho, ndipo pomaliza Jaji Wamkulu wa dziko lonse. Zonsezi n'zoona, ndipo si zochepa. Koma mpando pawokha sulemekezetsa munthu. Alipo ambiri amene anakhalapo pamipando ikuluikulu koma anthu amatchula mayina awo akutsonya. Ulemu wa woweruza umayesedwa pena: munthu amene mlandu wamuipira, kodi akutuluka m'bwalo akuvomera kuti amumvetsera mokwanira, ngakhale zamuvuta? Wopambana amayamikira woweruza aliyense, ngakhale wodya ziphuphu. Umboni wodalirika umachokera pakamwa pa wogonja.

Funso limeneli si la Amalawi okha. Ku Lunho, m'boma la Lago m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, anthu amayankhula Chinyanja, ambiri ali ndi abale ku Likoma ndi tsidya lina la nyanja, ndipo nkhani za ku Malawi sizichedwa kuwoloka. Mayiko awiriwa anachita chisankho chawo choyamba cha zipani zambiri chaka chimodzi, mu 1994, ndipo onse anakumana ndi vuto lofanana: ndani adzalengeze wopambana moti wogonja n'kukhala pansi? Ntchito ya Mayi Msosa imatithandiza kuona yankho limene Malawi anasankha, phindu lake, mtengo wake, ndi pamene yankholo silinafike.

Makhothi amene anawapeza

Mayi Msosa anabadwa mu 1950 m'boma la Dedza, ndipo anamaliza maphunziro a zamalamulo ku Chancellor College mu 1975. Nthawi imeneyo makhothi a m'Malawi anali atagawika pawiri. Mu 1969, pamene kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe mu Blantyre kunazunguza dziko, Khothi Lalikulu linamasula anthu amene ankaimbidwa mlandu wakupha poona kuti umboni unali wosakwanira. Dr Kamuzu Banda sizinawasangalatse. Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo n'kupereka milandu ikuluikulu m'manja mwa makhothi a mafumu a m'zigawo, ndipo patapita zaka anawonjezerapo milandu youkira boma. Majaji a ku Britain amene anali ku Khothi Lalikulu anatula pansi udindo posagwirizana nazo.

M'makhothi amenewa woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Oweruza ake, ambiri mwa iwo mafumu, ankasankhidwa ndi boma ndipo boma lomwelo linkatha kuwachotsa. Apilo sinkapita ku Khothi Lalikulu, inkathera kukhothi lina la mafumu. Boma ndilo linkasankha kuti mlandu uno upite kwa jaji, uwo upite kwa mafumu. Orton Chirwa, nduna yoyamba ya zachilungamo m'Malawi, ndi mkazi wake Vera, loya woyamba wamkazi wa dziko lino, anagwidwa mu December 1981 ndipo khothi lotere linawagamula kuti aphedwe mu 1983. Chilangocho chinasinthidwa kukhala cha moyo wonse m'ndende. Orton anafera kundende ya Zomba mu October 1992, Vera anatuluka mu January 1993. Makhothi aja anabwereka dzina la mafumu, koma anaphwanya mwambo waukulu wa bwalo la kumudzi, wakuti mbali zonse ziwiri ziyankhule mpaka zitathe mawu.

Mayi Msosa sanali m'gulu la othawira kunja kapena otsekeredwa. Anagwira ntchito m'boma lomwelo monga loya, woimira boma komanso wothandiza anthu osowa ndalama zolipira loya, mpaka anafika pa udindo wa Registrar General. Mu 1992 anasankhidwa kukhala jaji wa Khothi Lalikulu. Chinali chaka chimene maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yawo yodzudzula boma pa 8 March, chaka chomwe Chakufwa Chihana, wotsutsa boma, anamangidwa atangotsika ndege mu April. Motero munthu amene anadzalengeza kugwa kwa ulamuliro wa Kamuzu anakwezedwa ndi ulamuliro womwewo, ndiponso anali wa ku Dedza, kwawo kwa John Tembo, kuchimake kwa Malawi Congress Party. Mfundo imeneyi njofunika. A MCP sakanatha kunena kuti ndi mdani wawo wakale, ndipo otsutsa akanangomuona akupendekera kwawo akanakuwa tsiku lomwelo.

Chisankho cha 1994, tsidya lino ndi tsidya ilo

Pa riferendamu ya pa 14 June 1993, anthu oposa 60 pa 100 alionse anasankha nyali, chizindikiro cha zipani zambiri, kusiya tambala wakuda wa chipani chimodzi. Kumapeto kwa chaka chomwecho kunakhazikitsidwa bungwe loyendetsa chisankho, Mayi Msosa ali wapampando. Nthawi inali yochepa, miyezi isanu yokha. Panafunika kudula malire a madera a aphungu, amene anachoka pa 141 kufika pa 177, kulembetsa anthu pafupifupi 3.8 miliyoni, ndi kuphunzitsa ogwira ntchito amene sanaonepo chisankho cha mpikisano weniweni. Dziko linali lisanakhazikike. Mu December 1993 asilikali anali atangolanda zida a Malawi Young Pioneers pa Operation Bwezani, ndipo ena mwa apayoniyawo anathawira ku Mozambique. Chisankho chili pafupi, bungweli linadzudzula poyera mchitidwe woopseza anthu ndi kuwalanda ziphaso zovotera, ngakhale zambiri mwa nkhanizo zinkaloza chipani cholamula.

Mphamvu ya chisankho cha pa 17 May 1994 inagona pa zinthu zooneka zazing'ono. Mavoti ankawerengedwa pamalo pomwe anthu avotera, nthawi zambiri m'kalasi ya sukulu ya pulayimale, usiku, nyali ili pathebulo. Bokosi linkatsegulidwa oimira zipani zonse akuona, aliyense ndi pepala lake akulemba manambala. Woimira chipani chogonja ankachoka pamalopo ali ndi nambala yomweyo imene mnzake wopambana wanyamula. Munthu wotere akafika kwa akuluakulu a chipani chake sanganame kuti amubera, chifukwa wawerenga nawo ndi maso ake. Ntchito ya wapampando inali kuonetsetsa kuti nambala yotuluka m'kalasi muja ndi yomweyo imene ilengezedwe pawailesi.

Bakili Muluzi anapeza mavoti 47 pa 100 alionse, Kamuzu 33, Chihana 19. Kamuzu anavomera kugonja pawailesi zotsatira zonse zisanalengezedwe, ndipo Muluzi analumbira pa 21 May. Kungakhale kukokomeza kunena kuti zonsezi zinatheka ndi munthu mmodzi. Kamuzu anali atakalamba ndiponso akudwala, apayoniya analibe zida, ndipo mayiko othandiza anali ataimitsa chithandizo chambiri mu 1992. Koma bungwe la Mayi Msosa silinapatse aliyense pogwira. Anthu amene analamulira zaka 30 anasowa chonamizira.

Tsidya la Mozambique zinthu zinali zolemera kuposa apo, chifukwa opikisana anali atangotuluka m'nkhondo ya zaka 16, imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992. Frelimo ndi Renamo sakanakhulupirira jaji wa boma. Anapanga bungwe la anthu 21: khumi a boma, asanu ndi awiri a Renamo, atatu a zipani zina, ndi wapampando wovomerezedwa ndi onse. Munthu amene anagwirizana pa iye anali Brazão Mazula, katswiri wa zamaphunziro wobadwira ku Messumba, dera lomweli la m'mbali mwa nyanja, amene pambuyo pake anadzatsogolera Universidade Eduardo Mondlane. Kutatsala maola ochepa kuti anthu ayambe kuvota pa 27 October, mtsogoleri wa Renamo, Afonso Dhlakama, analengeza kuti chipani chake chatuluka mumpikisano. Anthu anapitabe kukavota, Dhlakama anabwerera, ndipo kuvota kunawonjezeredwa tsiku lachitatu. Joaquim Chissano wa Frelimo anapeza 53 pa 100, Dhlakama pafupifupi 34. Renamo inadandaula, koma inakakhala pamipando yake 112 m'Nyumba ya Malamulo m'malo mobwerera kutchire.

Apa ndi pamene njira ziwiri zinasiyanira. Malawi anaika chikhulupiriro chake pa udindo wa jaji, ndipo anazilemba m'gawo 75 la malamulo oyendetsera dziko, kuti wapampando wa bungwe la chisankho azikhala jaji wotchulidwa ndi bungwe loona za ntchito ya oweruza. Mozambique anadalira kuti zipani zizilonderana zokhazokha m'kati mwa bungwemo.

Ulendo wachiwiri sunali wofewa

Mu 1997 Mayi Msosa anakwera kupita kukhothi la Supreme, ndipo mu 2005 anaitanidwanso kudzatsogolera bungwe la chisankho mpaka 2012. Mayeso aakulu anadza mu 2009. Muluzi, amene anali atalamulira kale kawiri, anafuna kuimanso ponena kuti gawo 83 limangoletsa maulendo otsatizana, ndipo iye anali atapumulapo zaka zisanu. Bungweli linamukana mu March. Muluzi anathamangira kukhothi, ndipo majaji anagwirizana ndi bungwe kutatsala masiku atatu kuti anthu avote pa 19 May. Munthu amene Mayi Msosa anamulengeza wopambana mu 1994 ndi yemweyo amene anamutsekera khomo patapita zaka 15. Muluzi sanatulutse anthu kumsewu. Anathandiza John Tembo pakampeni, ndipo Bingu wa Mutharika atapambana ndi mavoti pafupifupi 66 pa 100, Muluzi anamuyamikira.

Komabe mbiri yabwino siyenera kubisa zipsera. Tembo sanavomereze zotsatirazo. Oyang'anira chisankho ochokera kunja anadandaula ndi zolakwika za m'kaundula wa ovota, komanso kuti wailesi ndi kanema za boma zinkangoimbira m'manja chipani cholamula, ndipo bungwe linalephera kuziletsa. Chisankho cha makhansala, chimene chinachitika mu 2000, sichinachitikenso mpaka 2014, kutanthauza kuti ulendo wonse wachiwiri wa Mayi Msosa unatha dziko lilibe makhansala. Mu December 2010 Bingu anatseka maofesi a bungweli ponena kuti kwasowa ndalama, ndipo anakhala otseka miyezi ingapo, ngakhale malamulo amati bungweli ndi loima palokha. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Jaji angakhale wolungama chotani, ngati ndalama zoyendetsera ntchito yake, tsiku la chisankho, ngakhale makiyi a ofesi zili m'manja mwa mmodzi mwa opikisana, ufulu wake uli ndi malire.

Zaka ziwiri pampando wa Jaji Wamkulu

Mu 2013, Lovemore Munlo atasiya mpandowu, Pulezidenti Joyce Banda anasankha Mayi Msosa, ndipo Nyumba ya Malamulo inawavomereza monga limanenera gawo 111, lofuna mavoti a aphungu awiri mwa atatu alionse. Nthawi yawo inali yochepa ndiponso yodzadza ndi mavuto. Kubedwa kwa ndalama za boma kotchedwa Cashgate kunaululika mu September 2013, milandu yake n'kuyamba kuthithikana m'makhothi. Kumapeto kwa 2014 ogwira ntchito m'makhothi ananyanyala kwa milungu ingapo pa nkhani ya malipiro, ndipo anthu osungidwa m'zitokosi za polisi anasowa kokapempha belo. Vuto lakale la kuchedwa kwa zigamulo silinathe m'nthawi yawo, ndipo likadalipo.

Chimene chidzakumbukiridwe kwambiri ndi sabata yomaliza ya May 2014. Anthu atavota pa 20 May, kuwerengera kunasokonekera, ndipo pa 24 May Joyce Banda analengeza kuti wathetsa chisankhocho. Khothi Lalikulu linapereka chiletso, ndipo linadzagamula kuti zotsatira zitulutsidwe m'masiku amene lamulo limanena. Pa 30 May Jaji Maxon Mbendera, wapampando wa bungwe la chisankho panthawiyo, analengeza kuti Peter Mutharika wapambana ndi mavoti 36 pa 100, Joyce Banda ali wachitatu. M'mawa mwake, ku Khothi Lalikulu mu Blantyre, Mayi Msosa analumbiritsa Mutharika ndi wachiwiri wake Saulos Chilima. Amene anawakweza pampando chaka chimodzi chapitacho ndi amene anagonja, ndipo makhothi amene iwo ankatsogolera ndi amene anamukaniza kuthetsa chisankho. Mu 2015, atakwanitsa zaka 65 zimene lamulo linkanena panthawiyo, anatula udindo n'kusiyira Andrew Nyirenda.

Kubwereka jaji kuli ndi mtengo wake

Zimene zinatsatira zinaonetsa kuti njira ya Malawi ili ndi ngozi yake. Chisankho cha pa 21 May 2019 chinayendetsedwa ndi Jaji Jane Ansah wa khothi la Supreme. Mapepala ambiri a zotsatira anapezeka atafufutidwa ndi Tipp-Ex, ndipo kwa miyezi anthu anali m'misewu kufuna kuti atule pansi udindo. Pa 3 February 2020 majaji asanu, Healey Potani, Ivy Kamanga, Redson Kapindu, Dingiswayo Madise ndi Michael Tembo, anathetsa chisankho cha pulezidenti n'kugamula kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka. Pa 8 May khothi la Supreme linagwirizana nawo. Mu Africa izi zinali zitangochitikapo ku Kenya mu 2017. Tanthauzo lake n'lakuti majaji anayenera kuweruza ntchito ya jaji mnzawo, ndipo anaipeza yolakwika. Mu June boma linayesa kukakamiza Jaji Wamkulu Nyirenda kupita kutchuthi chodikira kupuma, koma maloya anaguba m'misewu atavala mikanjo yawo ndipo khothi linaletsa.

Choncho dzina lakuti jaji silichiritsa chisankho. Jaji akabwerekedwa kubungwe la chisankho amapita ndi ulemu wa makhothi onse, ndipo akalakwitsa amawonongera anzake. Chimene chinapulumutsa Malawi mu 2020 n'chakuti panali bwalo lina loima palokha kumene wogonja anakatula dandaulo lake, mboni n'kufunsidwa mafunso kwa miyezi, mlandu wonse ukumveka pawailesi m'Chingelezi ndi m'Chichewa. Mayi wogulitsa tomato ankamva yekha mmene nambala zinasinthira.

Ku Mozambique mawu omaliza pa chisankho ali ndi Conselho Constitucional, bwalo la oweruza asanu ndi awiri: wapampando amasankhidwa ndi pulezidenti, asanu ndi Nyumba ya Malamulo molingana ndi kuchuluka kwa mipando ya zipani, ndipo mmodzi yekha ndi bungwe la oweruza. Pa chisankho cha m'matauni cha 2023, khothi la ku Cuamba, mu Niassa momwemo, linathetsa zotsatira za kumeneko, koma bwalo la Conselho Constitucional ku Maputo linati makhothi a m'maboma alibe mphamvu imeneyo. Pa 23 December 2024 bwalo lomwelo linalengeza kuti Daniel Chapo wapambana ndi mavoti 65 pa 100. Venâncio Mondlane, amene ankapikisana naye, anakana, ndipo anthu ambiri anataya miyoyo pa zionetsero za miyezi imeneyo. Kaya munthu ali mbali iti, mfundo imodzi njosabisika: chigamulo chinaperekedwa, koma ogonja sanakhulupirire kuti amvedwa.

Kumene mkanjo wa jaji sufika

Pali mbali ina imene mbiri ya majaji otchuka imaiwala. Msodzi wa ku Lunho amene mnzake wamung'ambira chilimira, kapena mayi wamasiye amene alamu ake akumulanda munda wa chinangwa, sadzaonana ndi jaji wa Supreme moyo wake wonse. Mlandu wake umayambira kwa ankhoswe, ukakanika umapita kwa amfumu. Pamenepo wodandaula amayamba kufotokoza, wodandaulidwa amayankha, mboni zimaimirira, nduna zimafunsa mobwereza mpaka bodza litapunthwa. Pomaliza amfumu amafunsa aliyense ngati wakhutira, ndipo wolakwa amalipira pamaso pa anthu, kenaka awiriwo n'kupatsana moni, chifukwa mawa akakumananso padooko. Kupita ku Metangula kapena ku Lichinga kumafuna ndalama ya ulendo, ndipo kumeneko mlandu umayenda m'Chipwitikizi, monga mmene wa ku Malawi umayendera m'Chingelezi, munthu n'kumamva za moyo wake kudzera mwa womasulira.

Pa nkhani iyi Mozambique anapita patsogolo, makamaka papepala. Lamulo la 1992 linakhazikitsa makhothi a m'madera, otchedwa tribunais comunitários, oweruza ake anthu wamba osankhidwa m'deralo, oona milandu ing'onoing'ono ndi mikangano ya m'banja, ndipo wosakhutira ali ndi ufulu wopita kukhothi la boma. Malamulo oyendetsera dziko a 2004, m'gawo 4, amavomereza njira zosiyanasiyana zothetsera mikangano malinga ngati sizikutsutsana ndi mfundo zikuluzikulu za malamulowo. Koma makhothi amenewa akhala akugwira ntchito movutika, opanda chithandizo chokwanira cha boma. Ku Malawi, makhothi a mafumu a nthawi ya Kamuzu atatsekedwa pakusintha kwa 1993 ndi 1994, panatsala mpata waukulu. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la makhothi a m'madera mu 2011, koma zaka zinadutsa makhothiwo osatsegulidwa, ena akuopa kuti zakale zija zingabwerere.

Mantha amenewo ngomveka, ndipo bwalo la kumudzi si loyera nthawi zonse. Limatha kukondera wachibale wa mfumu, limatha kupondereza mayi wamasiye kapena mtsikana, ndipo milandu ina, monga yogwiririra, siyenera kutha ndi mbuzi. Koma zimene zinapangitsa Kamuzu mu 1994, Muluzi mu 2009 ndi Joyce Banda mu 2014 kukhala pansi si zachilendo kubwalo la pansi pa mtengo. Woweruza asakhale m'thumba mwa mmodzi wa okangana. Umboni uonekere poyera, mbali zonse zikuona. Chifukwa cha chigamulo chifotokozedwe m'chiyankhulo chimene wogonja amamva. Wosakhutira akhale ndi kwina kopita.

M'badwo wa Mayi Msosa unagwira ntchito yochotsa makhothi akuluakulu m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo mbali yaikulu unaikwanitsa. Yotsala njosatchukitsa munthu koma ikukhudza anthu ochuluka: kuphunzitsa ndi kulipira oweruza a m'madera, kuikamo amayi okwanira, kulemba zigamulo zawo m'Chinyanja kuti majisitireti azitha kuziunika, ndi kutumiza majisitireti kumidzi yakutali pa masiku odziwika. Maboma onse awiri ali kale ndi malamulo oyambira ntchitoyi, ndipo aphungu a madera a m'mbali mwa nyanja ayenera kufunsidwa chaka chilichonse kuti mu bajeti aikamo ndalama zingati zoyendetsera makhothi amenewa.